Chala chimene ndinapita nacho kwa ankhoswe

Amuna anga anasiya mowa tisanakwatirane. Ndiyambe ndi zimenezi chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ali mnyamata ku Ndirande ankamwa ndithu, ndipo sanandibisire. Tsiku limene anandifunsira ndinawauza kuti bambo anga anapita ndi kachasu ine ndili kupulayimale, choncho ine ndi botolo sitingakhale nyumba imodzi. Anati asiya, ndipo anasiyadi. Tinabereka ana awiri, kenako tinabwera ku London, iwo n'kupeza ntchito yoyendetsa basi, ine yosamalira okalamba panyumba ina ku Romford. Kumpingo wathu ku Tottenham anawasankha kukhala mkulu wa mpingo, moti Lamulungu la mgonero ndi iwo ankayenda m'mizere ndi thireyi ya timakapu.

Ine kumudzi ndinali namwino, koma kuno mapepala anga sanawavomereze. Ngakhale zili choncho, kumpingo aliyense amanditchula kuti anesi, ndipo sindinakanepo. Mapemphero akatha, anthu akumwa tiyi, ine ndimakhala ndi kamzere kanga pakona. Wina andionetse totupa ta mwana, wina andiwerengetse kalata ya kuchipatala. Ndinazolowera kuyankha msanga, ndinazoloweranso kusatsutsidwa. Pakamwa panga mpakuthwa, ndipo anthu amene amadziwa bwino zimenezi ndi a m'nyumba mwanga.

M'mawa wina wa mu Novembala bambo akunyumba analephera kudzuka. Chala chachikulu cha phazi lakumanja chinali chitatupa, chili psuu, chikunyezimira ngati wachipaka mafuta. Nditati ndiwafunditse, anakuwa kuti ndichotse nsaluyo. Munthu amene sanalire pamaliro a mayi ake omubereka, tsiku limenelo misozi inkangoyenderera. Kuchimbudzi anapita chokwawa.

Ndinangochiona kamodzi chalacho n'kudziwa kuti ndi gauti, nthenda ija yotupitsa molumikizana mafupa. Kuntchito kwanga ndasambitsa madala ambiri a mapazi otere, ndipo onse amene ndinkawakumbukira anali aja okonda kusimba za malo omwera mowa a unyamata wawo. M'mutu mwanga gauti ndi mowa zinali pachibale. Ndiye m'malo mowagwira dzanja, ndinaima pakhomo la chipinda, manja ali m'chiuno.

"Kodi mwayambanso?"

"Ndayambanso chiyani, mayi?"

"Mukudziwa chimene ndikunena."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kukhoma. Ine kukhala chete kumeneko ndinakutenga ngati kuvomera.

Dokotala wathu wa m'dera, amene kuno timangoti GP, anatsimikiza kuti ndi gauti. Anawafunsa ngati amamwa, iwo anati ayi, ine ndinatsokomola. Anawapatsa timapilitsi ta masiku ochepa ndipo chalacho chinaphwa. Koma mu Januwale chinatupanso, ulendo uno pamodzi ndi kakolo. Dokotalayo anawayeza magazi n'kunena kuti impso sizikumusangalatsa, choncho awatumiza kwa katswiri wa nyamakazi ndi matenda a molumikizana mafupa. Anati tidikire kalata.

Makalata onse a m'nyumba mwathu ndimatsegula ndine. Imeneyi inafika bambo ali kuntchito. Ndinaiwerenga ndili chiimire pakhomo, tsiku ndi nthawi zonse zili pomwepo, kenako ndinakaiika pansi pa zitenje m'sutikesi. Ndakhala ndikufunafuna njira yabwino yofotokozera chifukwa chake, koma palibe. Ndinaganiza kuti katswiriyo akawapatsa mankhwala othetseratu ululu, azimwa mowa mwaufulu ine osadziwa. Chala chija chinali mboni yanga, ndipo sindinafune kuti mboniyo ichire isananene zonse.

Kumpingo atawaona akutsimphina, aliyense anasanduka dokotala. Mlongo wina wa kwaya anati phazi limafuna dokotala wa mapazi, ndipo ali naye wake ku Seven Sisters amene anamuchotsa chikhadabo. Bambo wina anati ayi, zimenezi ndi za dokotala wa mafupa, akangong'amba basi. Gogo wina anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ndifufuze bwino, mwina anaponda zinthu ulendo womaliza uja anapita kumudzi. Onsewa ndinawaseka mumtima. Ndinkati ine anesi ndikudziwa kumene nthendayi ikuchokera, ndipo ndikudziwa woichiza.

Ndinayamba kuwachiza ndekha. Nyama ndinailetsa m'nyumba. M'malo mwake ndinkaphika usipa, umene mnzanga wina anandibweretsera chikwama chathunthu kuchokera kumudzi, katatu kapena kanayi pa sabata. Ululu ukayamba ndinkawapatsa mapilitsi opha ululu a m'sitolo, m'mawa ndi madzulo, kuti asajombe kuntchito. Iwo ankangolandira n'kumeza. Amuna anga si munthu wa makani, ndipo kufatsa kwawoko nthawi imeneyo kunkandipsetsa mtima kwambiri.

Kenako anayamba kuchedwa kufika. Shifiti yotha thuu koloko masana, iwo azifika cha m'ma folo. Ndikafunsa ankangoti, "Traffic, mayi." Munthu woyenda pa sitima ya pansi pa nthaka akukuuza za traffic! Ndinayamba kuwanunkhiza akamavula jekete, ngati ndikuwalandira bwino. Ndinapeza timaswiti ta minti m'thumba ndipo mtima unagunda ngati ndagwira wakuba. Tsiku lina ndinavundukula bini ya mabotolo panja n'kupezamo zitini ziwiri za mowa. Bini imeneyo timagwiritsa ntchito mabanja anayi, koma zimenezo sindinafune kuziganizira.

Ankhoswe athu enieni ali kumudzi, ndipo m'modzi anamwalira kale. Kuno mabanja ambiri timachita kupempha akuluakulu kuti atiimirire. Kuchimuna anatiimirira ndi bambo wina wachikulire wa ku Peckham, m'modzi wa aja anathawa kumudzi kalekale pa nkhani za ndale, amenenso ndi mkulu wa mpingo wathu. Kuchikazi anandiimirira mayi wina wamasiye wa chigwirizano cha amayi. Ndinawaimbira onse awiri lamya n'kunena kuti m'nyumba mwalowa njoka. Amuna anga ndinangowauza kuti Loweruka akutifuna ku Peckham.

Tsiku limenelo phazi linali litatupanso. Nsapato inakana kulowa, moti anavala sokosi ndi patapata m'nyengo yozizira ija. Mu sitima anaima ndi mwendo umodzi mpaka mtsikana wina anawapatsa mpando. Nyumba ya achikulirewo ili pamwamba, ndipo chikepe chinali chitafa. Ndinatsogola ine, iwo akubwera pambuyo, sitepe imodzi imodzi, atagwira chitsulo ndi manja awiri. Ndinkamva kupuma kwawo kumbuyo kwanga ndipo sindinacheuke. Ndinkati mumtima, amve, mwina aphunzira.

Tinakhala monga mwa mwambo. Amuna pamipando, ife amayi pansi pa kapeti, miyendo titatambasula. Titapemphera, nkhoswe yanga inandipatsa mpata. Ndinayala zonse mwadongosolo ngati ndikupereka lipoti la wodwala: matendawo ndi chiyani, amagwira anthu otani, kuchedwa kufika, timaswiti, zitini. Ndinatchula bambo anga ndi mmene anafera, ndipo ndinalira. Misoziyo inali yeniyeni, mantha anali enieni, ndipo mwina n'chifukwa chake anandikhulupirira.

Achikulire aja anatembenukira kwa amuna anga. "Mwamva zimene anena mayiwa. Inu mukutipo bwanji?"

"Bambo, sindinamwe. Chisiyireni sindinalawepo."

"Nanga phazili?"

"Sindikudziwa. Ku garage ya mabasi amatiyeza mowa random, osatichenjeza, ndipo sanandipezepo kanthu. Mutha kufunsa."

"Amamwa akaweruka," ndinalowerera ine, ngakhale sinali nthawi yanga yolankhula. "Ine ntchito imeneyi ndaigwira zaka zambiri. Gauti sabwera yekha."

Achikulirewo anapukusa mutu n'kunena kuti pafuka utsi pali moto, ndipo anesi sanganamizire mwamuna wawo pa nkhani ya matenda. Analankhula mofatsa, mwachikondi ndithu. Anati kugwa si mlandu, mlandu ndi kukana kudzuka. Pomaliza anati, poti nkhaniyi yafika m'makutu mwawo ndipo iwo ndi mkulu wa mpingo, sangaisunge m'thumba. Kungakhale bwino amuna anga apume kaye pa ntchito ya mgonero ndi yowerenga mawu mpaka zinthu zitaoneka bwino. Apa ndinadzidzimuka, chifukwa sindinaganize kuti zifika pamenepo. Ndinkafuna awakalipire chabe, iwo avomere, tibwerere kunyumba. Koma sindinatsegule pakamwa kuti ndiletse.

Amuna anga anangoti, "Ndamva, bambo." Tinabwerera ku Tottenham. Titafika pakhomo anandifunsa ngati m'nyumba muli buledi, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Lamulungu la mgonero lotsatira, thireyi inayenda ndi munthu wina. Iwo anakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Palibe amene analengeza kanthu, koma mpingo wa anthu ochepa sufuna chilengezo. Amayi anayamba kundipatsa moni wogwira dzanja nthawi yaitali. Anyamata amene ankawathamangira amuna anga kuti awathandize za layisensi anayamba kuwalambalala. Ndinaziona zonsezi, ndipo ndinkadziuza kuti mankhwala owawa ndiwo amachiza.

Mu Epulo linatupa bondo. Linakula ngati papaya, ndipo basi sakanatha kuyendetsa. Ulendo uno anapita okha kwa GP, osandiuza, pa takisi. Atabwerako anandipeza kukhitchini ndikusankha usipa.

"Mayi, adokotala akuti appointment ya specialist inadutsa mu February. Akuti kalata anatumiza. Munaiona?"

Ndikanatha kunama. Makalata amasowa, aliyense amadziwa. Koma anandifunsa mwaulemu kwambiri moti bodza linakanika kutuluka. Ndinapita kuchipinda, ndinatsegula sutikesi, n'kubwera nayo. Anaiwerenga yonse, mpaka kuseri komwe kunali mapu a chipatala, kenako anaipinda bwinobwino n'kuiika m'thumba la malaya. Sanandifunse chifukwa chake. Ndikanakonda akanandilalatira.

Tsiku latsopano linapezeka patapita masabata angapo. Ndinawaperekeza, ndipo ndinene zoona, ndinapita ndili ndi kachiyembekezo koti katswiriyo andiikira kumbuyo. Anali mayi wamng'ono thupi, wolankhula pang'onopang'ono. Anagwira bondo lija, analowetsa singano n'kupopa madzi achikasu, ndipo anati akawayang'ana pa makina kuti atsimikize. Anafotokoza kuti m'magazi a munthu aliyense muli asidi wina amene impso zimatulutsa ndi mkodzo. Akachuluka amaundana n'kukhala timiyala tosongoka molumikizana mafupa, ndipo ndi timeneto timabaya. Kenako anayamba mafunso, ndipo anali ndi mafunso ambiri kuposa ankhoswe.

Anafunsa mankhwala onse amene amamwa. Bambo anatulutsa kabokosi ka mapilitsi a BP, aja okodzetsa, amene akhala akumwa zaka zisanu. Dokotalayo anagwedeza mutu n'kulemba. Anafunsa ngati kubanja kwawo kunali wina wa vuto lotere. Bambo anaganiza pang'ono n'kunena kuti mayi awo ankatupa mapazi ndi zala, ndipo masiku ena ankalephera kupita kumunda. Apongozi angawo ndinkawadziwa. Anali mayi wa mapemphero amene ngakhale thobwa logona sankalilawa.

Ndinalephera kupirira. Ndinafunsa m'Chingerezi changa chabwino cha kuntchito ngati si mowa umene umayambitsa zimenezi. Dokotalayo anandiyang'ana n'kunena kuti mowa umatha kuutsa nthendayi, inde, koma odwala ake ambiri samwa n'komwe. Anati pa bambowa akuona zifukwa zokwanira kale: impso zofooka, mapilitsi okodzetsa aja amene amasunga asidiyo m'thupi, ndi magazi a kubanja. Za mapilitsi okodzetsawo ndinaphunzira kusukulu ya unamwino. Zinabwerera m'mutu mwanga nthawi yomweyo, mpaka nkhope ya mphunzitsi amene anatiphunzitsa.

Anafunsanso chimene amamwa ululu ukayamba. Bambo anatchula mapilitsi a m'sitolo aja, m'mawa ndi madzulo, kwa miyezi. Dokotalayo anaika cholembera pansi. Anati amenewo asiyiretu lero lomwe, chifukwa kwa munthu wa impso zotere amawonjezera vuto. Anafunsa amene anawalangiza.

"Ndinkangogula ndekha," anatero amuna anga.

Ine ndinali pampando wa pambali, chikwama chili pamiyendo. Sindinawatsutse. Atafika pa zakudya n'kutchula kuti nsomba zing'onozing'ono zodyera pamodzi ndi mitu ndi matumbo zimachulukitsa asidiyo, ndinangoyang'ana pansi. Bambo sanacheukire kwa ine ngakhale pang'ono.

Funso lomaliza linali la ntchito. Anafuna kudziwa mmene amakwanitsira kuponda mabuleki ndi phazi lotere. Bambo anaseka pang'ono mwamanyazi. Anati poyendetsa amalimba mtima, koma akaweruka phazi limakhala litadzaza nsapato. Ndiye amakhala m'kachipinda kopumira kugaraja, amavula nsapatoyo, n'kuviika phazi m'ndowa ya madzi ozizira imene oyeretsa mabasi amawabwereka. Amakhala ola limodzi, nthawi zina awiri, mpaka nsapato italolanso kulowa. Akatero ndiye amayamba ulendo wa kunyumba, pang'onopang'ono.

Ndinamva zimenezi koyamba m'chipinda chimenecho, pamodzi ndi mlendo. Mwamuna amene ndagona naye bedi limodzi zaka zoposa makumi awiri anaona kuti n'kwapafupi kupempha ndowa kwa oyeretsa mabasi kusiyana ndi kuuza mkazi wake kuti akumva kuwawa. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Ndinapempha kuti nditulukeko kaye.

Anawasinthira mankhwala a BP, n'kuwayambitsa ena otsitsa asidi uja, omwa tsiku lililonse. Anawatumizanso kwa dokotala wa impso kuti aziwaona. Miyezi yoyamba phazi linavutabe kangapo, monga anatichenjezera, kenako linakhala bata. Impso sizinabwerere mwakale, koma akuti zaima pamene zili. Sindinafunse kuti miyezi ija ya m'sutikesi inadyapo zochuluka bwanji, chifukwa ndimaopa yankho.

Ndinapepesa kunyumba, nditagwada, ana kulibe. Anandidzutsa n'kunena kuti zatha. Ndinaimbira ankhoswe onse awiri n'kuwafotokozera zonse, za kalata zomwe. Achikulire a ku Peckham anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati iwonso alakwa, ndipo akawauza akuluakulu anzawo kuti amuna anga abwerere pa ntchito yawo. Koma anati madzi akatayika saoleka. Nkhaniyi inayenda m'nyumba zambiri, ndipo akainena iwo, anthu aziti akuluakulu akungokwirira mnzawo. Woti anthu amukhulupirire ndi yemwe anaiyambitsa.

Ndinawauza amuna anga zimenezi. Anati iwo sandikakamiza, koma thireyi ija saigwiranso anthu akuganiza kuti manja awo ndi a chidakwa chokhululukidwa. Analankhula mosakweza mawu, akupukuta magalasi awo. Ndinalonjeza kuti Lamulungu likubwerali ndiimirira.

Kumpingo kwathu, ulaliki usanayambe, pamakhala nthawi ya maumboni. Sabata yonse ndinakonzekera mawu anga. Ndinkawabwereza m'sitima popita ku Romford, ndinkawabwereza posambitsa okalamba. Anali mawu ochepa: amuna anga sanamwe mowa, ndinawanamizira ndine, ndinabisa kalata ya kuchipatala, ndipo ndinawadwalitsa ndi uphungu wanga.

Itakwana nthawi ndinaimirira n'kupita kutsogolo. Anandipatsa maikolofoni. Ndinayang'ana anthu, ndipo ndinaona nkhope zonse za pakamzere kanga ka pakona: mayi amene ndinamuuza kuti chotupa cha mwana wake si choopsa, bambo amene ndinamuuza kuti achepetse mapilitsi, atsikana amene amati akufuna adzakhale ngati anesi. Kumbuyo, pafupi ndi chitseko, amuna anga anali atawerama pang'ono, manja ali pamaondo, akudikira.

Ndinati ndikuthokoza Mulungu chifukwa bambo akunyumba, amene anavutika ndi phazi nthawi yaitali, tsopano akupeza bwino. Ndinati ndikuthokoza chifukwa cha madokotala ndi nzeru zimene Mulungu anawapatsa. Ndinalangizanso mpingo kuti tikalandira makalata a kuchipatala tisamazengereze. Anthu anati ameni, wina anayambitsa kolasi, ndipo ndinabweza maikolofoni.

Nditakhala pansi, mayi amene anali pambali panga anandigwira dzanja n'kulifinya. Anaweramira kukhutu kwanga, kolasi ili mkati.

"Mwalimba mtima, anesi. Si akazi onse akanapirira mwamuna wotere."

Ndinati zikomo.